Siling'i ya Kaminibasi ka a Gelesomu

Mwambi umene wandifika pakamwawu unayamba motere, ana inu. Ikani kaye pansi sandipepayo, chifukwa ine zolankhula mopikisana ndi phokoso ndinasiya, mphamvu zake ndilibenso.

Kale, msewu uno usanakulitsidwe, pa Kamphepo panali chisakasa cha amisiri osema tigalimoto ta mitengo. Sindikunena ta mawaya tothamanga nato ana ayi. Amisiriwo ankatenga chipika chimodzi cha mlombwa n'kusema kaminibasi kapena kalole kotalika ngati phazi la munthu wamkulu, kenaka n'kukumba m'kati mwake kudzera m'mazenera mpaka mipando ndi chiwongolero zioneke. Kudula denga kuti dzanja lilowe bwino kunali koletsedwa. Ntchito yomaliza, imene inkasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza, inali siling'i: kansalu kopyapyala komata kunsi kwa denga, m'katimo, kosalala popanda khwinya ndi limodzi lomwe.

Mukandifunsa kuti siling'i inali ya chiyani m'kagalimoto kosakwera ngakhale mbewa, ine yankho ndilibe. Mwa ogula khumi, asanu ndi anayi sankasuzumira n'komwe. Koma wakhumiyo akasuzumira n'kuona thabwa lokhalokha, ankabweza kagalimoto pa thebulo n'kukwera galimoto yake, ndipo amisiri onse ankachita manyazi. Ndiye lamulo linakhazikika, anthu n'kumapsinya maso tsiku lonse pa chinthu chimene pafupifupi palibe ankachiona.

Tsono pa Kamphepo panafika munthu wina dzina lake a Gelesomu, ndipo anafika atatopa kale. Zaka makumi atatu anagwira ntchito pa garaja ina ku Limbe, kusoka mipando ndi kukhoma siling'i m'mabasi enieni. Garajayo itatsekedwa, anamanga katundu n'kutsata mkazi wawo Nangondo kumudzi kwawo kwa mkaziyo. Munda unali wochepa, ndiye ntchito imene inapezeka inali yoswa miyala m'mphepete mwa msewu, yogula omanga nyumba. Munthu wa imvi ankakhala pa dzuwa kuyambira m'mawa, nyundo m'manja, fumbi m'mphuno, msana ukulira. Madzulo pobwerera kunyumba ankayenda atawerama ngati akufunafuna singano.

Chimene chinkawapweteka kuposa msana chinali tsidya lina la msewu. Kumeneko kunali chisakasa chija, ndipo pa benchi la pakati, pamthunzi, pankakhala mlamu wawo a Ezara, mchimwene wake wa Nangondo. A Ezara ankasema mwakachetechete, kapu ya thobwa pambali, mphepo ikuwapita m'malaya. Ndipo a Gelesomu ankakumbukira bwino zimene anayankhula zaka za m'mbuyomo pa ukwati wina, atavala suti ya ku Limbe, anthu onse akumva.

"Alamu, ndevu zonsezi mukusewerabe ndi tigalimoto? Tabwerani ku tauni mudzaone galimoto zolira!"

Tsiku limenelo anthu anaseka, a Ezara nawonso anaseka pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. A Ezara mwina anaiwala. Koma amene anayankhula sanaiwale, ndipo mawuwo ankawalemera tsiku lililonse akayang'ana tsidya lija.

Chaka china mmisiri wina wokalamba maso anamuthera, benchi lake linatsala lopanda munthu. Wapampando wa chisakasa, a Maliseni, analengeza kuti wofuna benchilo aseme kaminibasi kamodzi pa mwezi umodzi. Ofuna anapezeka awiri: a Gelesomu, ndi munthu wina woumba njerwa dzina lake Wilisoni. Mayeso ake anali odziwika. A Maliseni ankamanga kagalimotoko pa kaliyala ya njinga yawo, n'kupalasa mumsewu wa mabampu mpaka pa mlatho n'kubwerera, kenaka n'kulowetsa kachidutswa ka galasi pa zenera kuti aone ngati siling'i ili m'malo mwake.

"Nangondo," anatero a Gelesomu tsiku lomwelo, "benchi lija ndi langa. Ndikangokhalapo, nyundo iyi ndikaiponya m'chimbudzi. Ine sindikufuna kulemera, mayi. Ndikungofuna kukhala pansi pamthunzi."

Kusema sikunawavute, chifukwa manja anali nawo. Ankaweruka ku miyala dzuwa litapendeka n'kukhala pakhonde ndi chipika chawo. Patapita masabata awiri kaminibasi kanatuluka kokongola, ka mipando inayi, matayala ozungulira bwino, ndi kanyamulo ka katundu pamwamba. Kunatsala siling'i yokha, ndipo a Gelesomu anaseka okha. Munthu amene anakhoma siling'i m'basi ya anthu makumi asanu ndi limodzi angaope kadenga kochepa ngati chikhatho?

Anayamba ndi guluu wa ku garaja amene anabwera naye m'chitini. Anapaka kansalu n'kuyesa kukalowetsa pa zenera. Guluu anagwira zenera, anagwira mpando wa kondakitala, anagwira zala zawo, koma denga sanaligwire. Atayesanso kachiwiri nsalu inamata ndithu, koma guluu anadutsa n'kuonekera kunsi, mawanga akuda bii. Anakhala masiku awiri akupala m'katimo ndi kampeni.

Kenaka anaphika phala la ufa wa chinangwa. Limeneli linamata bwino, nsalu n'kukhala yoyera, moti anagona mtima uli m'malo. Kutacha anapeza mphemvu zitachita phwando m'kaminibasi, siling'i itatsala mabowo okhaokha. Anayesa timisomali tating'ono ta nsapato, ndipo kamodzi kanang'amba denga pakona, anachita kutseka mng'aluwo ndi utuchi.

Nangondo ankaona zonsezi akupeta nyemba pabwalo.

"Bambo a Feliya, achimwene nyumba yawo ndi iyo, mpanda umodzi. Bwanji osangopita kukafunsa kuti amamata ndi chiyani?"

"Ndifunse ndani? Ezara?"

"Eya, achimwene. Saluma."

"Mayi, ine siling'i ndi ntchito yanga. Ndaphunzitsa anthu amene lero ali ndi magaraja awo. Ndipite kukagwada kwa munthu amene sanagwirepo chitseko cha basi, kuti andiphunzitse denga? Akandiseka ameneyo mpaka Khirisimasi."

"Nanga pano mphemvu sizikukusekani?"

A Gelesomu ananyamuka. Anatenga kaminibasi kawo n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Koma mtima sunawapatse mpata. Lamulungu masana, anthu atabwera ku tchalitchi, anamva a Ezara akukoka mpando kuseri kwa khitchini yawo. Ankadziwa kuti siling'i mlamu wawoyo ankamatira kunyumba, pothawa fumbi la pamsewu. Ndiye munthu wamkulu uja ananyang'ama mpaka pa mpanda, n'kusiyanitsa udzu ndi zala ziwiri, n'kuika diso.

A Ezara anakhala chofulatira pang'ono, kambaula kakufuka utsi pambali, kalole kali pamiyendo. Anatsegula kachitini kakale ka polishi wa nsapato, anatsina kanthu kachikasu, n'kukaponya m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono atatsinzina, ngati munthu amene akupemphera. Kenaka anawerama, msana n'kuphimba zonse, zigongono zokha zikuyenda. Patapita kanthawi anadzuka, anakweza kalole kumwamba, anasuzumira pa zenera n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Ndinadziwa ine!" anatero a Gelesomu chamumtima. "Si luso limeneli ayi, ndi mankhwala."

Mwamwayi mbuzi zinalowa m'dimba la a Ezara, iwo n'kuthamangira komweko akukuwa. A Gelesomu anadzipanikiza pa kampata ka mpanda, anatsegula kachitini kaja n'kununkhiza. Linali phula la njuchi. Anabwerera mwachangu kwawo mutu ukugwira ntchito, ndipo pofika pakhonde nkhani yonse anali ataimvetsa. Njuchi imamanga zisa zake zolendewera kunsi kwa denga la mng'oma, popanda msomali, popanda guluu, koma sizigwa. Ndiye munthu akadya phula, nzeru ya njuchi imalowa m'magazi n'kutsikira m'zala. Anadabwa kuti chinthu chophweka chotere sanachiganize kale.

Ana inu, chitsiru chenicheni sichisowa nzeru. Chimakhala ndi nzeru zambiri, zoyalana bwino, kungoti zonse zimaloza kutchire.

Lolemba anapita kumsika kwa mayi wina wogulitsa uchi n'kuloza chibuma cha phula chachikulu ngati papaya.

"Lonseli, bambo? Mukufuna kupanga makandulo?"

"Ndi za ntchito, mayi. Kulungani."

"Ngati ndi za tigalimoto tija, a Ezara amangotenga kochepa ngati dzira, ndipo kamawakwanira chaka chathunthu."

A Gelesomu anawerengetsera mwachangu. Ezara wakhala akudya dzira limodzi pa chaka kwa zaka makumi awiri. Iwo anatsala ndi masiku khumi ndi awiri kuti amupeze. Papaya limodzi mwina linali lochepa.

"Kulungani lonse," anatero.

Anayamba tsiku lomwelo. Anatsina kachidutswa, anatsinzina monga anaonera, n'kutafuna. Phula, kwa inu amene simunalilawe, poyamba limanamiza ndi kafungo ka uchi, kenaka limangosanduka chinthu chopanda kukoma, chomata m'mano, chosatha m'kamwa. Anatafuna mpaka nsagwada zinatopa, ndipo poti sanaone a Ezara akulavula, anameza mothandizidwa ndi tiyi. Anadikira pang'ono kuti mankhwala afike m'zala, n'kutenga guluu wawo yemwe uja. Siling'i inagwa asanachotse n'komwe dzanja.

Anaona kuti muyeso wachepa. Tsiku lotsatira anadya m'mawa ndi madzulo. Lachitatu ananyamulako m'thumba la malaya, n'kumadya pa mulu wa miyala anzawo akamadya chinangwa. Pofika Lachisanu m'mimba munayamba kulemera, ndipo kuchimbudzi ankangopita kukakhala n'kubwerako chimanjamanja. Chakudya anayamba kukana. Nyundo imene inali yolemera kale tsopano ankaikweza ndi manja awiri akubuula.

Nangondo anachipeza chibuma chija posesa kunsi kwa bedi, chitatsala theka.

"Bambo a Feliya, phula ili ndi lanu?"

"Ndi la ntchito. Lisiyeni pomwepo."

"Ndiye makoswe akuthererani. Koma taonani mano ake! Makoswe a m'nyumba muno akula ngati anthu, komanso mmodzi ali ndi gwelu pomwe pali lanupo."

A Gelesomu anatseka pakamwa n'kuyang'ana kudenga. Nangondo anawayang'ana nthawi yaitali, koma chinthu chimene chinamubwerera m'mutu chinali chopusa kwambiri moti sanachikhulupirire. Anakabwereka mphaka kwa aneba.

Sabata yomaliza ili pakati, a Ezara anawoloka msewu n'kufika pa mulu wa miyala. Anaima pang'ono akuyang'ana mlamu wawo, amene nkhope inali itatuwa, thukuta lili chuchuchu.

"Alamu, simukuoneka bwino. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Ndi dzuwali basi."

"Ndamva kuti kaminibasi mwasema kokongola. Koma siling'i imavuta poyamba, ine inandiliza miyezi itatu. Mukapeza mpata madzulo ano, dutsani kunyumba tidzacheze."

Apa ndi pamene pamandimvetsa chisoni. Khomo linatseguka lokha, munthu osagogoda n'komwe. A Gelesomu anafunitsitsa kunena kuti, alamu ndithandizeni, ndatopa. Mawuwo anafika pakhosi penipeni. Koma anaona anzawo oswa miyala ataimika nyundo kuti amvetsere, ndipo pakamwa panatuluka zina.

"Alamu, ine ndi siling'i tinadziwana inu musanayambe kumeta ndevu. Musadere nkhawa, zanu zija ndikuzidziwa kale."

"Chabwino, alamu," anatero a Ezara, n'kuwolokanso msewu.

Lachisanu lomaliza a Gelesomu anameza chidutswa chotsiriza cha phula. Anadontheza guluu pang'ono m'makona anayi a kansalu, anakakankhira kudenga ndi kamtengo, n'kugwira mpweya. Kansalu kanakhala. Anaika kaminibasi pa thebulo mosamala ngati dzira, ndipo sanakakhudzenso. Mankhwala anali atagwira ntchito tsopano, ndipo ngakhale m'mimba munali ngati mwalowa njerwa, mumtima munali chimwemwe.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pa chisakasa. Amisiri onse analipo, oswa miyala anawoloka msewu kudzaonerera, Nangondo naye anabwera atavala chitenje chatsopano. Wilisoni anatulutsa kake poyamba, ndipo anthu anabisa kuseka. Kaminibasi kake kanali kopendekera, tayala limodzi lalikulu kuposa anzake, kutsogolo ngati mphuno ya nkhumba. A Gelesomu atavundukula kawo, anthu anati aaa! Ena anaombera m'manja. Iwo anayang'ana benchi lopanda munthu lija, pamthunzi, ndipo miyendo yawo inayamba kale kupumula.

A Maliseni anamanga tonse tiwiri pa kaliyala n'kupalasa kulowera ku mlatho. Anthu ankamva njinga ikugwedera m'mabampu mpaka inazimiririka. Atabwerera anapukuta thukuta, anatulutsa kagalasi kawo m'thumba, n'kuyamba ndi ka Wilisoni.

"Galimoto ndi yonyansa," anatero, "koma siling'i ili nga, ngati inabadwira momwemo."

Anatenga ka a Gelesomu. Kagalasi sanakalowetse n'komwe, chifukwa zinkaoneka ndi maso. Kansalu kanali katagwa n'kufunditsa mipando yonse, kona imodzi yokha ikulendewera kudenga. A Maliseni anapukusa mutu n'kupatsira a Ezara kuti nawonso aone. A Ezara analowetsa sipoko ya njinga pa zenera, anakanda kudenga, n'kununkhiza nsonga yake.

"Alamu, uyu ndi guluu. Nanga phula lili kuti? Mayi wa uchi anandiuza kuti munagula lambiri, ine n'kumati basi mwaitulukira njira."

A Gelesomu anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi. Anayankhula motsitsa mawu, koma pa chisakasa panali zii, aliyense anamva.

"Musaulule pagulu, alamu. Phula ndinagwiritsa ntchito. Lonse."

"Munaliika pati?"

A Gelesomu anaika dzanja pamimba.

Woyamba kumvetsa anali Nangondo, amene anagwira kumutu n'kukhala pansi pafumbi ndi chitenje chake chatsopano.

"Mayo ine! Ndiye mphaka wa eni ake ndamusunga sabata yathunthu pachabe!"

Pamenepo chisakasa chinaphulika. Oswa miyala anagwirana mapewa, a Maliseni anatsamira njinga mpaka inagwa. A Ezara okha ndi amene sanaseke. Anatulutsa kachitini kawo, anatsina phula lochepa ngati njere ya mapira, n'kuliika m'kamwa.

"Taonani, alamu. Ndimatafuna kuti lifewe basi, chifukwa likakhala louma silimvera." Analitenga pamlomo ndi nsonga ya sipoko, n'kulipaka timadontho kuseri kwa kansalu. Anakankhira kansaluko kudenga, anaotcha sipoko ina yopinda pa mbaula ya mayi wina wokazinga chimanga chapafupi, n'kusita nayo m'katimo kudzera pa zenera. Phula linasungunuka n'kugwira thabwa. Ntchito yonse sinatenge nthawi yophikira tiyi. Anagwedeza kaminibasi mwamphamvu, siling'i osasuntha.

"Nanga iwe Wilisoni unadziwa bwanji?" anafunsa a Maliseni akupukuta misozi.

"Ine ndinangopita kwa a Ezara tsiku loyamba n'kunena kuti, akulu, ine ndimadziwa njerwa, izi sindizidziwa. Anandionetsa."

A Maliseni analoza benchi, Wilisoni n'kukakhalapo. Lamulo linali lamulo, ndipo palibe amene akanalikhotetsa chifukwa cha matayala okongola. A Gelesomu anaima pamenepo akuyang'ana munthu wa njerwa akudzikonza pamthunzi pawo. Sanakwiye, mphamvu zokwiyira analibe. Anangomva kutopa kwa zaka zonse, ndipo anadziwa kuti Lolemba nyundo ikuwadikira tsidya lija, ndi Lolemba linalo, mpaka tsiku limene msana udzakaniretu.

Anthu atayamba kubalalika, anasendera kwa mlamu wawo n'kuwagwira malaya. Kwa nthawi yoyamba chifikireni pa Kamphepo, mawu aja anadutsa pakhosi.

"Alamu, ndifunseko."

"Funsani, alamu."

"Kodi limeneli limatuluka?"

A Ezara anakanda kumutu, chisoni chili pankhope.

"Pepani alamu, funso limenelo lokha ndi limene sindingathe kuyankha. Ine zaka makumi awiri zonsezi sindinamezepo."

Anawakweza pa njinga ya a Maliseni yomwe ija kupita nawo kuchipatala, mumsewu wa mabampu womwewo. Anachira patapita masiku, n'kubwerera ku mulu wawo wa miyala, ndipo benchi lina silinatsegukenso iwo ali ndi mphamvu. Dzina la Gelesomu linathera pomwepo, chifukwa anthu a pa Kamphepo anawapatsa lina. Ndipo mpaka lero munthu akamavutika yekhayekha ndi chinthu chimene mnzake wa pafupi akuchidziwa, akuluakulu amangopukusa mutu n'kunena kuti: Safunsa anadya phula.